Chitini Chotupa

6 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Kwacha kotentha ngati dzuwa silinagone. Mitambo ilipo iwiri itatu koma ndi yongonamiza, mvula ikadali kutali. Kuyambira mbandakucha nyundo ya abambo ikulira kushedi, kho kho kho pa lata, agalu a atelala akuyankha kuseri kwa mpanda, ndipo wina kumsewu akulimbana ndi njinga yamoto yokana kulira. Ndikulemba msanga ndisanapite kusukulu, chifukwa adalaiva a lole ya miyala anyamuka masana, ndipo ndi iwo okha amene amafika kumgodi kwanuko.

Muli bwanji? Chifuwa chija chinatha? Ife kuno tilipo. Musadzavutikenso kukwera phiri kukasaka netiweki, foni ya amayi kulibenso. Inalira abambo akudya. Anaitenga, kukaiika pa kanjanji kawo kokhomerapo zidebe, n'kuimenya kamodzi kokha. Amayi anasesa zidutswazo.

Nkhani yaikulu pano ndi nyama. Abambo anakhomera abutchala ndowa ndi mabeseni, ndiye iwo anathokoza ndi mwendo wathunthu wa ng'ombe. Firiji paja inafa kalekale. Amayi anati tiidule mizeremizere, tithire mchere, tiyanike. Abambo anaseka. Akuti nyama youma ndi ya agalu. Akuti chimene chimaoletsa chakudya ndi mpweya basi, ndipo palibe mmisiri wotseka chitini kuposa iwo. "Ndowa yanga inayamba yadonthapo?"

Ndiye Loweruka lonse tinali pa ntchito imeneyo. Iwo anadula zitini zatsopano, amayi anaphika nyama n'kumaipakira ndi mafuta ake omwe, ine ndimagwira chivundikiro ndi pulayala iwo akumata ndi mtovu. Amayi atatenga mchere anawaletsa, akuti mchere umadya chitini. Kenako tinaziwiritsa mumgolo n'kuzindandalika pa shelefu kushedi, pansi penipeni pa malata. Kunena zoona zikuoneka bwino, zonyezimira ngati za m'sitolo. Chivundikiro chimodzi chinandipulumuka, abambo n'kundiomba khofi, ndipo khutu lakumanzere likulirabe mpaka lero. Musadandaule, m'kalasi ndangosintha pokhala kuti aphunzitsi azikhala kumanja kwanga.

Ndiuzeniko za kumeneko. Mumadya chiyani? Mumagona angati m'chipinda?

Ndine mng'ono wanu,
Kadzidzi (poti dzinali munandipatsa ndinu)


13 Okutobala

Kadzidzi mphwanga,

Moni mwana wa mayi anga. Ndili bwino, chifuwa chinatha, fumbi ndi ine tinazolowerana. Timagona asanu ndi mmodzi, onse amaliza mkonono, mmodzi amapemphera ali mtulo. Timadya nyemba mpaka tayamba kufanana nazo.

Ndiye aNyundo atsegula fakitale? Uwauze alembe dzina lawo pa zitinizo, ajambulepo ndi nkhope yawo yomwe, mbewa zisamayandikire. Ndaseka mpaka anzanga kundifunsa. Koma za khutu lako sindinaseke.

Iwe umangoyang'ana. Kuyambira uli khanda umangokhala pakona maso ali tong'o, osalira, osathawa. Ine ndinalibe mtima umenewo, n'chifukwa chake ndili kuno. Ukukumbukira tsiku limene anandithyola phewa, ndinanena chiyani pageti? Mawu amenewo sindinameze. Kuno ntchito yanga ndi kuswa miyala ndi hamala yolemera kuposa iwe, ndipo mwala uliwonse ndimaupatsa nkhope yake. Manja angawa ukawaona sungawazindikire.

Undilembere za amayi. Osati zoti alipo, zimenezo ngakhale mtengo ulipo. Akuseka? Akupitabe kukacheza kwa atelala? Tsiku limene adzawakhudzenso undiuze mosabisa. Ukabisa ndidzadziwa, ndipo ndidzayambira iwe.

Limbika sukulu. Ukapeza kamtsikana koti kakupirire maso akowo undiuze, ndikagulire mphatso.

Mkulu wako


27 Okutobala

Achimwene,

Moni. Munati ndisabise, ndiye sindibisa. Amayi ali kuchipatala.

Zinayamba Lachiwiri m'mawa. Amathira tiyi, koma amathira pambali pa kapu, tebulo lonse kunyowa. Anaseka pang'ono n'kunena kuti akuona makapu awiri. Zikope zawo zinali zitagwa ngati munthu wa tulo, ndipo mawu amatuluka ngati lilime latupa. Abambo anaika supuni pansi.

"Wamwa?"

Amayi anafuna kunena kuti sanamwe, koma mawuwo anatuluka opindika. Abambo anawagwira chibwano n'kununkhiza mkamwa. Sanamve fungo, koma anati alipo mowa wina wosanunkha, ndipo akudziwa zimene azimayi amachita kwa atelala makina akaleka kulira. Anawapatsa kapu ya madzi kuti amwe pamaso pawo. Madziwo anatulukira m'mphuno.

"Taona galu uyu. M'mawa uno, pamaso pa mwana!"

Anatenga chidutswa cha paipi yakuda chija chimakhala kuseri kwa chitseko. Achimwene, sindiwerenga kuti kangati. Pamsana, m'miyendo, kenako paliponse. Chimene sindidzaiwala n'chakuti amayi amayesa kukweza manja kuti atchinge kumutu, koma manjawo amangofika pachifuwa n'kugwa. Ngakhale kukuwa samakuwa, amangotulutsa kamawu ngati ka mwana wa mphaka. Ndinagwira mkono wa abambo. Anandiponyera pa kabati, mbale zonse pansi. Kenako anawakokera amayi kuchipinda, kutseka ndi loko, kiyi m'thumba. Akuti atuluka mowa ukatuluka.

Anakhala mmenemo tsiku limenelo ndi lotsatira lake. Sukulu sindinapite, ndimazungulira kuseri kukasuzumira pawindo. Ndimawapatsira madzi m'botolo koma samatha kumeza, malovu amangoyenderera pa pilo. Lachinayi ndinaona kuti mutu sakuudzutsanso, ndipo akupuma mwapamwambamwamba. Abambo atanyamula ndowa kupita nazo kumsika, ndinatenga tchizulo chawo n'kuzula loko pamodzi ndi thabwa lake. Atelala anabwera akuthamanga, tepi ili m'khosi. Atawaona amayi anagwira pakamwa, kenako anatukwana mawu amene sindingalembe. Amuna awo anatitenga pa galimoto.

Kuchipatala ataona mikwingwirima anati mwina avulala m'mutu. Akuwayezabe. Kuyankhula sakuyankhula, maso sakutsegula. Abambo sanapiteko. Anangofunsa kuti loko wawo alipira ndani.

Sindikudziwa choti ndikupempheni. Mungondiyankha.

Kadzidzi


27 Okutobala

Kwa iwe mwana wanga woyamba,

Ndikhulupirira uli moyo, poti ukanafa akanatiuza. Ine ndili bwino, ntchito ikuyenda.

Ndamuona mng'ono wako akupereka kalata kwa adalaiva, ndiye ndati umvenso za mwini nyumba, usamangomva za mwana. Amako ayamba kumwa. Ndinawapeza m'mawa ali dzandidzandi, osatha kuthira tiyi m'kapu. Ndinawalanga pang'ono monga aliyense akanachitira. Mtengo ukapindika amauwongola. Pano akudzigonetsa kuchipatala kuti anthu azindiloza chala, ndipo mayi wosoka uja ndi amene akusonkhezera moto. Mng'ono wako wasanduka mbala yothyola zitseko m'nyumba ya bambo ake.

Chipatala chimadya. Ngati unabadwa kwa munthu, tumiza kangachepe. Ngati ukufuna kubwera, ubwere ngati mwana, ugogode, upereke moni. Za pageti zija ine ndinaiwala, unali mwana.

Ndakutumizira chitini chimodzi cha nyama, ulawe ntchito ya manja a bambo ako. Ukaona chatupa pang'ono usaope, ndi kukhuta, zina ndaziphwetsa kale ndi nyundo yamtengo. Mpweya sunalowemo ngakhale wa udzudzu.

Bambo ako


1 Novembala

Achimwene,

Moni, koma choyamba ichi: CHITINI CHIMENE ABAMBO ANAKUTUMIZIRANI MUSADYE. Musatsegule n'komwe, musapatse galu. Adalaiva angondiuza lero kuti anakupatsirani. Ngati mwadya kale, thamangirani kuchipatala ndi kalata ino.

M'mutu mwa amayi sanapezemo chovulala. Thupi silikutentha. Adokotala ena aakazi, aafupi, anawatsegula chikope ndi chala n'kuwauza kuti ngati akumva agwedeze chala cha kuphazi. Chala chinagwedezeka. Ndiye ananditengera pakhonde n'kundifunsa kuti amayi anadya chiyani asanadwale. Ndinati tonse tinadya zofanana, nyama ya m'chitini. Anati, "Zofanana ndendende?" Pamenepo ndinakumbukira. Lolemba masana ndinali pakhomo la khitchini ndikulemba masamu. Amayi anatsegula chitini chotupa, chinalira fyuu. Ananunkhiza, kuyang'ana kushedi, kuyang'ananso chitini. Kutaya sakanayerekeza. Anatapa kachidutswa ndi zala n'kulawa kozizira, n'kunena okha kuti, "Ilibe vuto." Kenako anaiwiritsa nthawi yaitali ndi tomato. Nditanena zimenezi adokotala anatseka maso.

Akuti matendawa dzina lake ndi botulizimu. Ndikulemba monga anandifotokozera. M'dothi ndi m'fumbi muli mabakiteriya ena amene amagona atadzitsekera m'kachikopa kolimba, moti madzi owira wamba sawapha. Pamene pali mpweya sachita kanthu. Amadzuka pamene palibe mpweya, palibe mchere wokwanira, palibe chowawasa, koma pali chinyontho ndi kufunda. Achimwene, abambo anawamangira nyumba ndi manja awo, n'kuimata bwinobwino. Akadzuka amaswana n'kumatulutsa poizoni, ndipo kutupa kuja ndi mpweya wawo. Poizoniyo nthawi zina samveka fungo kapena kukoma kwachilendo. Akalowa m'mimba amadutsa m'magazi n'kukakhala pamene mtsempha umapereka uthenga ku mnofu, n'kutseka njira. Ubongo umalamula kuti diso tseguka, dzanja kwera, koma lamulolo silifika. Amayambira kumutu n'kumatsika, zikope, lilime, kummero, manja, mpaka chifuwa kuleka kukoka mpweya. Koma poizoniyo amafa chakudya chikawira mokwanira. N'chifukwa chake ife amene tinadya yophika tili bwino.

Ndinafunsa ngati munthu amamva ululu. Akuti amamva zonse, nzeru zimakhala bwinobwino. Ndiye paipi ija amaimva yonse.

Pano amayi akupumira makina. Mankhwala oletsa poizoniyo kuchipatalako kulibe, awaitanitsa kutali. Ndikafika anesi amawatsegulira diso limodzi kuti andione, ndipo timacheza ndi chala cha kuphazi. Kamodzi ndi inde.

Dzulo masana ndinawauza abambo kushedi. Panali bambo wina akudikira ndowa yake. Abambo anamvetsera mpaka kumapeto, zimene sanachitepo.

"Ndiye ukuti amako ndawapha ine? Ndi chitini changa?"

Anasankha chotupa kwambiri, kuchibaya ndi tchizulo, thovu kutuluka. Anandigwira pakhosi, kundigonetsa chagada pa benchi, supuni kukamwa. "Idya, dokotala!" Ndinaluma mano. Anakankha mpaka dzino lakutsogolo linathyoka. Mwini ndowa uja anati, "Amisiri, mupha mwana," ndiye anandisiya. Ndikuganiza kuti sindinameze kanthu, ndinatsuka mkamwa ndi sopo. Iwo anaimirira pakati pa shedi n'kudya chitini chonse ndi zala, chozizira, akumuyang'ana bambo uja. "Mwaona? Mukhale mboni. Mawa mubwere mudzaone ngati ndafa."

Ndinabwerera kuchipatala kukanena. Adokotala andiyeza, akuti ndiziyang'anira maso anga, ndipo abambo ndiwabweretse msanga. Ndawauza. Andiponyera pulayala. Ndiye ndangokhala pakhomo la shedi, ndikuyang'ana zikope zawo.

Ndikudziwa zimene mukuganiza. Anawamenya, inde. Koma musabwere ndi manja, achimwene, bwerani mudzaone amayi.

Kadzidzi


1 Novembala

Kadzidzi,

Moni. Makalata awiri ndalandira, yako ndi ya galuyo. Ndawerenga kamodzi, sindibwerezanso. Munthu kumenyedwa mpaka maso osatseguka, iye n'kumati pang'ono.

Ntchito ndasiya. Lole sindiidikira, ndiyenda wapansi mpaka kumsewu waukulu, ndikakwere chilichonse. Kalatayi ndapatsa mnzanga amene akutsogola lero, mwina tifikira limodzi.

Chitini chake sindinatsegule. Ndikubwera nacho ndidzamubwezere. Akuti ndigogode. Ndigogoda.

Iwe ukakhale kuchipatala ndi amayi. Usapezeke pakhomo.

Mkulu wako


6 Novembala

Mphwanga,

Moni kuchokera m'chitokosi cha apolisi. Pepalali wandipatsa wapolisi wina wachifundo, ndipo atelala akuti akupatsira. Muno tilimo ambiri, chidebe chimodzi, ndipo chikudontha. Si cha aNyundo.

Adalaiva anabwerera nayo kalata yako yachitatu, poti anakapeza nditachoka. Tinaphonyana panjira. Ndaiwerengera muno, katatu.

Ndikuuze mmene zinalili iwe usanafike, chifukwa kukhoti adzazinena mwina. Ndinatsika basi masana n'kulunjika kushedi. Ndinamupeza atakhala pa kampando, nyundo ili pansi pakati pa miyendo, mutu utapendekera, maso otseka theka, dovu pachibwano. Ndinagogoda pa lata. Ndinati, "Odi, bambo. Ndabwera ngati mwana." Anayesa kuyankha, mawu ake phala lokhalokha. Ndinaseka. Ndinati, "Ohoo, ndiye woledzera m'nyumba muno ndi ndani?"

Ndinayamba ndi chitini chake, kumaso. Chinapindika koma sichinadonthe, pamenepo ulemu ndimupatsa. Anagwa chammbali pa zidutswa za malata. Ndinamudzutsa ndi kolala, ndinati imirira, bweza, si iwe mwamuna? Ndinamuponda m'nthiti mpaka ndinamva kuthyoka. Zaka zonsezi ndimalota akubweza, ine n'kumugwetsa akubweza. Sanakweze dzanja ngakhale kamodzi. Ndimati ndi mantha, mtima wanga n'kumakoma. Pano ndawerenga kalata yako, ndadziwa kuti ndimamenya thumba la chimanga. Ndipo ndadziwanso kuti ndinayankhula mawu ake omwe. Zimenezo zikundinyansa kuposa chidebe chino.

Kenako galimoto ya amuna a atelala inaima, iwe kutsika n'kudzigwetsa pamwamba pa aNyundo. Chibakera chimene chinakupeza pamsana sichinali chako, undikhululukire. Anthu a mumsewu anandimanga ndi waya wake yemwe.

Koma ndiyankhe chinthu chimodzi, Kadzidzi. Unaona zikope zake zikugwa, iwe wekha ukudziwa tanthauzo lake. Unathamangiranji kukafuna galimoto? Ukanangokhala pakona n'kumayang'ana monga umachitira masiku onse, zikanatha zokha, popanda wina kugwira munthu.

Amayi ali bwanji? Usawauze kuti ndili muno. Uwauze kuti ndabwera.

Mkulu wako


17 Novembala

Achimwene,

Moni. Ndamva kuti anakusamutsirani kundende yaikulu. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimadikira kuti ndikhale ndi nkhani yabwino. Sinabwere. Amayi anatisiya Lachisanu m'mawa, ndipo tinawaika Lamulungu.

Mankhwala aja anafika tsiku lomwelo limene tinapititsa abambo kuchipatala. Anabaya onse awiri. Koma adokotala anali atandichenjeza kale kuti mankhwalawo amangogwira poizoni amene akuyendabe m'magazi, amene wafika kale pa mitsempha samuchotsa. Kwa amayi anali atafika paliponse. Kwa abambo anali akadali panjira. Ndiye mankhwala amene anaitanitsira amayi anathandiza abambo.

Makina akanatha kuwasunga amayi mpaka mitsempha itachira, koma anagwidwa ndi chibayo. Akuti pamene munthu sakumeza, malovu ndi madzi zimalowa m'mapapo, ndipo zinayamba kale ali m'chipinda chokhoma chija. Ndinafunsa za madzi amene ndinkawapatsira pawindo. Adokotala anati ndisamaganize zimenezo. Ndikuganizabe.

Ndinawauza kuti mwabwera. Chala chinagwedezeka kambirimbiri, mpaka anesi anaseka. Ndinati mwapita kukasamba kaye, mufika. Tsiku lililonse ndimapeza bodza lina. Ndikuganiza kuti anadziwa, chifukwa abambo anawagoneka pa bedi loyandikana ndi la amayi, pakati pali katani yokha, ndipo anesi amakamba za nthiti zawo mosabisa.

Pamene amazimitsa makina a amayi, abambo anali maso, akumva zonse. Ndinatsegula katani n'kuwayang'ana. Misozi sinatuluke. Koma anesi akuti matendawa amaumitsanso misozi, ndiye sindikudziwa.

Funso lanu ndalitembenuza mbali zonse. M'mawa umenewo ndinawaona akuphonya lata ndi nyundo, kawiri, n'kudzimenya chala. Anatikita m'maso. Ndinakhala pakhomo la shedi kanthawi ndithu, sindinama. Kenako anandiyang'ana n'kufuna kunditukwana, mawu n'kutuluka ngati a amayi tsiku lija. Sindinaganize kanthu. Ndinangopezeka ndili pageti la atelala ndikumenya ndi manja onse. Yankho lina ndilibe. Mukafuna kudana nane, danani nane.

Kadzidzi


20 Disembala

Achimwene,

Moni. Sopo ndi bulangete zimene ndinapatsa atelala zinakupezani? Kalata yanu yaifupi ija ndinalandira. Mwati simukudana nane. Zikomo. Mwafunsanso za sukulu ndi kuti pakhomo pali ndani.

Mayeso ndinalemba, ena bwino ena ayi. Zitini zotsala anabwera a zaumoyo atavala magolovesi n'kuzitenga zonse. Anthu a mumsewu anaima kumaonerera, ndipo abutchala anauza aliyense kuti nyama yawo inali yabwino pochoka kwawo.

Adokotala anandiitana tsiku lotulutsa abambo. Anandiphunzitsa kuwadyetsa atakhala tsonga, zofewa zokhazokha, pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Amayankhula mondilimbikitsa. Akuti mitsempha imaphuka nthambi zatsopano ngati mtengo wodulidwa, kungoti zimatenga miyezi. Akuti abambo ndi munthu wolimba, mphamvu zawo zidzabwerera pafupifupi zonse. Ndinafunsa kuti ndi manja omwe? Anati, "Ndi manja omwe, usadandaule mwana wanga."

Maso akutsegula tsopano. Amanditsatira nawo ndikamayenda m'chipinda. Kuyankhula akuyankhula pang'ono, koma za amayi sanatchulepo, za inu sanatchulepo. Dzulo ndikuwapukuta pakamwa anandigwira pamkono. Sindikudziwa ngati kunali kuthokoza kapena amayesa kuona pamene zala zafika. Ndinachotsa dzanjalo mosavuta. Mwezi wamawa sindikudziwa.

Atelala akuti ndisamukire kwawo, malo alipo pafupi ndi makina awo osokera. Ndawauza kuti ndiganiza. Ndikachoka palibe wowatembenuza abambo.

Za pakhomo ndi izi. Azakhali amene anabwera kumaliro anabwerera kwawo, akuti ali ndi ana awo. Inu akuti mlandu wanu ulowa chaka chamawa. Amayi mukudziwa kale. Abambo anabwera Lachinayi pa galimoto ya amuna a atelala, tinawanyamula awiri kuwalowetsa m'nyumba. Amene wabwerera ndi iwo okha. Tilimo awiri.

Ndine mng'ono wanu,
Kadzidzi